Mdzukulu Amene Sanatchulidwe Pawailesi

Eustace Kamtengeni anatchuka polemba nthano zoseketsa za mizimu yokwera minibasi ya ku Mayani n'kumakangana ndi kondakitala. Atafunsidwa pawailesi za amene anamuphunzitsa luso limeneli, anatchula mabuku a ansembe a ku Kasina. Anachita manyazi kutchula a Zefaniya, mkulu wa adzukulu okumba manda kwawo, amene ankaseketsa anamfedwa misozi ili m'maso, ati akufa akudandaula kuti ku Dedza kumazizira.

Pasanapite nthawi, azakhali ake anamwalira. Eustace anapita kumanda akulakalaka chinthu chimodzi: a Zefaniya amunyoze ngati kale, amulande chipewa, amutche kamlembi ka mabodza. Mdzukulu amatero kwa munthu wake.

Anawapeza akupala dothi kukhasu.

"Wawa, a Zefaniya."

Mkuluyo anaweramitsa mutu mwaulemu. "Pepani ndi zovutazi, bwana. Tinakumvani pawailesi paja. Munayankhula bwino kwambiri."

"Ndine Eustace, agogo. Zimene ndinanena zija..."

"Tikukudziwani. Kakhaleni pamthunzipo, kuno kuli fumbi."

Eustace anakakhaladi. Posakhalitsa adzukulu anaphulika ndi chiseko kudzenje kuja, koma nthabwalayo sinamufike.