Seva Yachiwiri ya a Zatheka

Tandiuzeni inu ophunzira: n'chiyani chimene chimakhala m'chipinda chozizira, sichinagonepo m'chipatala koma chimadziwa matenda a munthu aliyense m'dziko, ndipo chikangotentha thupi, anamwino onse amagwira m'chiuno? Musakande m'mutu mpaka kutuluka magazi. Ndi seva, chimakina chosunga kaundula wa odwala, kumene makompyuta a m'zipatala zonse amatumiza ndi kukatenga mbiri ya munthu.

Mayi a Kaundula ankachidziwa chinthuchi, ngakhale kuti sakanatha kumasulapo nati ndi imodzi yomwe. Ntchito anayamba kalekale, nthawi ya mabuku azikuto zolimba, ndipo tsopano ndiwo ankayang'anira mbiri ya odwala ku likulu la zaumoyo. Seva yakale inali itakalamba ngati eni akewo, kudzuka mochedwa, masana kubuula. Choncho kunabwera yatsopano, mbiri yonse n'kusamutsidwira kumeneko, ndipo inagwira ntchito miyezi itatu. Chinatsala n'chimodzi: Lachisanu yakaleyo ifufutidwe, ichotsedwe. Koma kufufutako kunkadikira siginecha ya mayiwa. Akanasaina, yatsopanoyo n'kudzagwa tsiku lina popanda poponda, katemera wa ana, magulu a magazi, mayina a mankhwala amene wina amamuwenga, zonse zikanapita osabwerera, dzina lawo lili pansi pa pepala.

Wobwera ndi pepalalo anali mlamu wawo weniweni, mwamuna wa mng'ono wawo, mkulu wa zamakompyuta. Anthu ankangowatchula kuti a Zatheka, chifukwa funso lisanathe m'kamwa mwako, iwo anali atayankha kale kuti, "Zatheka kale zimenezo."

Lachitatu m'mawa anawatengera mayiwa kuchipinda cha seva. Mayi a Kaundula anavala juzi ziwiri, magalasi ali lende pachingwe, m'manja muli pepala la zofunika zimene akatswiri analemba. A Zatheka anagunditsa chala pakagalasi ka pakhomo, chitseko n'kutseguka chokha.

"Mwaona, mlamu? Muno mulibe kiyi. Kiyi ndi chala changachi."

"Ndiye muchisamale podula anyezi," anatero mayiwo, n'kuchonga mzere woyamba.

M'katimo munkazizira ngati m'firiji. Makabati akuda ataliatali anali ndandanda, timagetsi tikuphethira, mafani akung'ung'uza. Kuseri kwa kabati imodzi kunatuluka mutu wonyezimira wa a Dazi, bambo wa mawaya, munthu wolankhula kamodzi patsiku. Anagwedeza mutuwo, n'kubwereranso kuseri.

"Makina oziziritsa?" anafunsa mayiwo.

"Awiri. Ena akatopa, ena amalowa."

"Magetsi akathima?"

"Mabatire amanyamula pomwepo, jenereta n'kudzuka musanamalize kuyetsemula."

"Intaneti?"

"Mawaya awiri, makampani awiri, misewu iwiri. Wina akakumba ngalande n'kudula uyu, uyo akuyenda. Mlamu, zimenezi ndimazilota ine. Mukandidzutsa kutulo ndikhoza kukujambulirani."

Mayiwo ankangochonga. Kunena zoona, ntchito inali yooneka, ndipo mumtima anamuyamikira mlamu wawoyo. Anafika pamzere womaliza: seva yachiwiri, ya kutali, yosunga kope la zonse tsiku ndi tsiku, kuti moto kapena madzi zikalowa muno, dziko lisaiwale odwala ake.

"Zatheka kale zimenezo," anatero a Zatheka, akutulutsa foni. "Ili m'tauni ina, ulendo wa maola anayi. Taonani, m'mawa uliwonse imanditumizira kachizindikiro kobiriwira aka. Kukopera kwatha bwino. Miyezi itatu, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe."

"Zokongola. Nanga munayamba mwatsegulamo kuona zimene imakoperazo?"

A Zatheka anaseka mpaka taye kugwedezeka. "Mlamu, munthu akakuuzani kuti wakhuta, mumamung'amba pamimba kuti muone?"

"Ayi. Koma kiyi wapadera wa kunyumba kwanga ndinayamba ndamuyesa pachitseko ndisanakamusungitse kwa akazi anu."

"Awa ndi makina, si loko wa pamsika."

"Ndiye savuta kuyesa. Mawa mundionetse munthu mmodzi yekha kuchokera ku seva ya kutaliyo, ndisaina."

"Mukuchedwetsa dziko, mlamu. Ndikakunenezani kwa mng'ono wanu."

"Kandinenezeni. Ameneyo ndinkamusambitsa ndine."

Anapinda pepala, cholembera n'kuponya m'chikwama, zipi n'kutseka. Pobwerera ku ofesi yawo mtima unkawaluma pang'ono. Bwanji ngati akungovutitsa munthu wodziwa ntchito yake? Iwo za makina ankadziwa chiyani? Koma anakumbukira chaka china, denga litadontha m'chipinda cha mabuku, mmene anakhalira sabata yathunthu akuyanika masamba padzuwa, inki itayenderera, mayi wina ataima pakhomo kufunsa ngati mwana wake analandira jakisoni wachiwiri. Tsiku limenelo analibe yankho, ndipo sankafuna kudzasowanso yankho.

Lachinayi a Zatheka sanafune kuti zichitikire pakona. Anaitana Adokotala aakulu, anamwino awiri oyang'anira zigawo, ndi aliyense amene anakumana naye pakhonde, kuti adzaone mmene mayi wa mabuku akale achitire manyazi. Anasonkhana m'chipinda cha misonkhano, tiyi ali patebulo. A Dazi analumikiza kompyuta ku seva ya kutali ija, zonse n'kumaoneka pakhoma, zilembo zikuluzikulu.

"Tchulani dzina lililonse m'dziko muno," anatero a Zatheka, manja m'thumba, akuyendayenda kutsogolo. "Wakhanda, nkhalamba, aliyense."

"Lembani langa," anatero Mayi a Kaundula. "Ndimakayezetsa kuthamanga kwa magazi mwezi ndi mwezi."

A Dazi analemba. Khoma linayankha kuti munthu wotero kulibe.

"Mwina simudwala mokwanira, mlamu," anatero a Zatheka. Anthu anaseka pang'ono. "Tchulani lina."

Namwino wina anatchula la mwana wake. Kulibe. Adokotala anatchula la amayi awo. Kulibe. A Zatheka anatulutsa manja m'thumba.

"Ndi netiweki imeneyo. A Dazi, tayang'anani waya."

"Waya ali bwino, bwana," anatero a Dazi. Anadinadina kwa kanthawi, n'kukweza mutu. "Odwala alimo."

"Mwamva? Alimo!"

"Alimo anayi."

Adokotala anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Anayi m'chigawo chiti?"

"M'dziko lonse, adokotala."

Apa a Dazi analankhula mawu a sabata yathunthu. Anati pamene ankaimika seva yatsopano, bwana anapanga kachikwatu koyeserera m'sevamo, n'kulembamo odwala abodza anayi kuti aone ngati masamba akutseguka bwino. Kenaka analoza makina okopera ku kachikwatu komweko, kuti adzasintha mbiri yeniyeni ikafika. Mbiri inafika, kusintha sikunachitike. Ndiye kwa miyezi itatu seva ya kutali inkakopera anthu anayi omwewo mokhulupirika, m'mawa uliwonse n'kutumiza kobiriwira kaja.

Mayi a Kaundula anagwira chikwama chawo, mmene munali pepala losasaina lija, n'kuchikumbatira pamiyendo ngati mwana. Seva yakale inali ikadali m'chipinda chake, yamoyo, ikubuula ndi mbiri yonse m'mimba.

"Palibe chofufuta mawa," anatero Adokotala. "A Dazi, konzani lero. Sabata yamawa tidzayesanso pompano, ndipo kuyambira pano tiziyesa mwezi uliwonse. Mayi adzasaina akadzadziona okha pakhomapo."

Zikanathera pomwepo, a Zatheka akanatuluka ndi kaulemu kochepa. Koma pakamwa pawo sipankadziwa kupuma.

"Komabe mwaona nokha kuti makinawo amakopera bwino," anatero. "Anayiwo afika onse, osasowa ndi chilembo chimodzi. Ntchito ya manja anga imeneyo."

"Zoona, mlamu," anatero Mayi a Kaundula mofatsa, akuvala magalasi. "Tatiyeni tiwaone anthu amwayiwa. A Dazi, tsegulani woyambayo."

"Asatsegule, n'zoyeserera chabe!"

A Dazi anali atadina kale. Pakhoma panatuluka chithunzi chachikulu cha a Zatheka, taye yomweyo, kumwetulira komweko. Tsiku loyesa lija anachita ulesi kupeka dzina, n'kulemba lawo lomwe, ndipo tsamba limene ankayesa linali la sikelo ya amayi oyembekezera. Mayi a Kaundula anawerenga mokweza, chala chikutsata mzere ngati mwana wa sukulu.

"Zaka, zana limodzi ndi makumi anayi. Pakati, pa miyezi isanu ndi inayi. Ana m'mimba, atatu." Anavula magalasi. "A Dazi, izi zinalembedwa liti?"

"Miyezi itatu yapitayo, mayi."

"Ndiye yakwana khumi ndi iwiri! Adokotala, munthuyu wapitirira masiku, inu mukungomuyang'ana?"

Namwino wamkulu ndiye anayamba kuseka, tiyi n'kumutuluka m'mphuno. Mnzake anagwa chamutu patebulo. Adokotala anayesa kubisa nkhope ndi faelo, koma mapewa ankawagwedezeka, ndipo a Dazi, amene palibe anawaonapo mano, anaseka mpaka dazi kuchita thukuta.

Mayi a Kaundula anadzuka, n'kukoka mpando wofewa kwambiri m'chipindamo.

"Khalani pansi, mlamu, musaime nthawi yaitali mmene mulilimu. Ndimuimbira mng'ono wanga ayambe kugula matewera. Kapena nazonso zatheka kale?"