Misonkho Iwiri ya Alamu Anga

Alamu anga a Verna Sobczak anasoka malona ophimbira maboti kwa Brandvold zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amuna awo, omwe anali achimwene anga, anamwalira kalekale, ndipo kuchokera pamenepo singano ndiyo inkawadyetsa.

Mkulu Brandvold atafa ziwalo mbali imodzi, kampani inagwera m'manja mwa mwana wake Craig. Sipanathe miyezi itatu, Craig anaitanira mu ofesi azimayi atatu osoka, alamuwo pamodzi ndi Marlys ndi Doreen, n'kuwaikira bokosi la madonasi patebulo.

"Kuyambira Januwale simukhalanso antchito," anawauza. "Aliyense akhala bwana payekha. Ntchito ndi yomweyi, tebulo ndi lomweli, koma ndalama muzilandira yonse, yosadulidwa kalikonse."

Cheke choyamba chinabweradi chonenepa. Alamu anagula matayala atsopano, anakonzetsa denga. Sanandifunse kanthu, chonsecho ine ndakhala ndikulembera anthu mapepala a msonkho m'tauni muno kuyambira ndili ndi tsitsi kumutu.

Chaka chitatha, mu Malichi, anatulukira ku ofesi kwanga atakumbatira bokosi la nsapato lodzaza mapepala.

"Alamu, werengani msanga. Ndasiya nyama mu uvuni."

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinavula magalasi.

"Chaka chathachi munatumizako kangati msonkho?"

"Kutumiza ine? Si amadula okha?"

"Ankadula muli wantchito. Munthu wodzilemba yekha ntchito amatumiza yekha, kanayi pachaka."

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono. Boma lalikulu la ku Washington lili ndi gawo lake pa zomwe anapeza. Pamwamba pake pali ndalama ya penshoni ndi ya chipatala cha okalamba, imene kale ankagawana pakati ndi Brandvold, koma tsopano yonse inali pamutu pawo. Boma la chigawo chathu la ku Madison nalo linkadikira yake, ndipo panalinso kachindapusa kochedwera. Zonse pamodzi zinkayandikira madola zikwi khumi, zofunika pofika pakati pa Epulo.

Alamu anayang'ana pepalalo.

"Ndiye kuti madonasi aja ndinagula ndine," anatero.

"Njira ilipo. Mumafika nthawi imene Craig wanena, mumasoka zimene wakupatsani, pa mtengo wodula iye. Mwina pamaso pa lamulo mukadali wantchito ndithu. Tilembe dandaulo, aboma afufuze. Zikayenda bwino, gawo lina limugwera iyeyo."

"Zikayenda bwinozo, ine ndikhala ndani?"

"Wantchito wake, ngati kale."

"Wa Craig. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ndi zidutswa za lona." Anakokera mpando pafupi. "Tandiuzani, a ophunzira inu. Wodzilemba yekha weniweni amatani?"

"Amagwira nthawi imene wafuna. Mtengo amadula yekha. Zipangizo zimakhala zake, ndipo amagwirira aliyense amene wamukonda."

"Lembani zimenezo papepala, zilembo zikuluzikulu. Lolemba mubwere ndi galimoto yanu ya katundu ija."

"Alamu, muli ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Ganizani kaye."

"Inu munaganiza kaye mpaka tsitsi linathawa. Lolemba, teni koloko."

Inali nyengo imene madzi oundana a panyanja amayamba kung'ambika, aliyense akufuna boti lake likonzeke. Titalowa kwa Brandvold tinapeza malona ataunjikana mpaka pawindo. Craig anatuluka mu ofesi akuloza wotchi.

"Mayi Sobczak, timayamba seveni."

"Mumayamba seveni inuyo. Ine ndimayamba teni." Anamupatsa pepala. "Iyi ndi mitengo yanga. Lona ya boti laling'ono ndi apa, lalikulu ndi apa. Ukafuna zachangu, pali kowonjezera."

Craig anawerenga, khosi lake n'kufiira.

"Izi ndi nthabwala? Mitengo imeneyi ndingapindule chiyani?"

"Zimenezo ukafunse wokulembera mapepala. Inenso ndili naye wanga, ndi uyu waima apayu ngati mtengo wa magetsi."

Makina a Marlys ndi a Doreen anali atasiya kulira. Craig anatsitsa mawu.

"Ngati vuto ndi msonkho, tikambirane ngati anthu. Gawo lina ndizikupatsani pamanja, losalemba paliponse. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Wandisenzetsa katundu wako chaka chathunthu, ndiye ukufunanso ndikhale wakuba kuti upepukidwe? Ya Washington ndilipira, ya Madison ndilipira, mpaka kasenti komaliza. Koma ndizilipira pa mtengo wanga."

"Mukatuluka pakhomo apo musadzabwererenso."

"Iwe, ungachotse ntchito munthu amene si wantchito wako? Unanena wekha, pakamwa pali shuga wa madonasi. Alamu, gwirani uko."

Makina amene ankasokera anali awoawo. Anabwera nawo kuchokera kunyumba zaka zapitazo a kampani atawonongeka, ndipo palibe anawabwezera kanthu. Chinali chimakina chachitsulo chokhachokha, cholemera ngati ng'ombe yakufa. Tinachikoka awiri, msana wanga ukulira. Doreen anadzuka kudzatitsegulira chitseko, osayang'ana kumene kunali Craig.

Makinawo tinakawaika m'galaja mwa alamu. Ndisaname, miyezi yotsatirayo inali yowawa. Ndi a ku Washington tinagwirizana zolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ya ku Madison ndi gawo loyamba la chaka chatsopano zinafunika pompo, ndipo alamu anagulitsa boti la malemu achimwene. Analisokera kaye lona yatsopano yobiriwira kuti likwere mtengo. Tsiku limene wogula anabwera kudzalikoka, iwo anakhala m'galaja n'kuyatsa makina, osatuluka mpaka galimoto itakhota pamsewu.

Mu Epulo monse munabwera anthu atatu okha odzasoketsa. Ndinawapeza tsiku lina akudya buledi ndi supu wa m'chitini, atavala jekete m'nyumba.

"Dandaulo lija tikhoza kulembabe," ndinatero. "Marlys walemba lake, likuyenda."

"Marlys wachita bwino, ali ndi ana kusukulu. Ine ndasankha zanga. Mwabwera kudzandilira kapena kudzandiphunzitsa?"

Ndinawaphunzitsa. Ulusi, singano, mafuta a makina, mtunda woyenda pokayeza boti, zonse zimachotsedwa msonkho usanawerengedwe, bola pakhale malisiti. Pa cheke chilichonse ankapatula gawo limodzi mwa magawo anayi n'kukaika ku akaunti ina imene sankaikhudza ngakhale firiji ikhale mbee. Juni asanafike anali akundikonza ine masamu.

Kenako anthu anayamba kubwera. Malona ochokera kwa Brandvold ankatuluka mochedwa, ena okhwinyata m'makona, ndipo eni maboti sachedwa kuuzana. Alamu sanalemere ayi. Chaka chimenecho anapeza zocheperako pang'ono poyerekeza ndi kale, ndipo zala zinkatupa madzulo alionse.

Chakumapeto kwa Ogasiti ndinali m'galaja mwawo, tikuwerengera msonkho wa gawo la Sepitembala, pamene panja panaima galimoto yokoka boti lakale lamatabwa. Ankayendetsa ndi mayi Brandvold, mkazi wa mkulu uja. Pambali pawo panali mkulu Brandvold mwiniwake, ataonda, dzanja limodzi lili lende. Alamu anatuluka akupukuta manja.

"Verna," anatero mkuluyo, mawu akutuluka mokoka. "Boti langa. Sindifuna wina aligwire."

"Mwana wanu akudziwa kuti muli kuno?"

"Boti ndi langa."

Alamu anatenga tepi, anazungulira botilo akuyeza, n'kulemba mtengo pakapepala. Mkuluyo anakayandikitsa kumaso, mbali yamoyo ya nkhope yake n'kuchita tsinya.

"Wadula."

"Ndadula, bwana. Ndili ndi maboma awiri oti ndiwadyetse, wachitatu ndine."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anakodola mkazi wake kuti alembe cheke.

"Theka lero, theka mukadzatenga," anatero alamu. "Koma mudikira milungu itatu. Patsogolo panu pali anthu asanu."