Bowo la Pampanda

"Mpanda tamanga ndithu, mayi, koma bowo lake ndi bambo anu," anatero mtsikana wa kukampani yolondera makompyuta. "Uthenga uliwonse akumatsegula. Tiloleni tiwatsekere, apo ayi mayeso mukusindikizawo atuluka ana asanalembe."

Achemwali, momwe antchito onse ankawatchulira, anaika foni pansi mwaukali. Alondawa anawalemba okha ntchito atatopa ndi mbava za pa intaneti, ndipo sukulu yomwe inkawapatsa mayeso inali itachenjezeratu kuti likadzangotuluka pepala limodzi, ubale watha. Ndiye wakuba n'kumalowera pa tebulo la mwini kampani! Abale inu, zinthu zake zotopetsa.

Anawapeza Madala muofesi yawo yonunkha inki, magalasi ali pamphuno, akutayipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga.

"Ababa, mukuyankhanso ndani?"

"Mnyamata wina waulemu kwabasi. Wandifunsa za moyo wanga, akuti nditsegule kachikalata aka."

"Musatsegule! Si munthu wabwino ameneyo, ndi mbava. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Iwe, munthu andipatse moni, ine ndikhale duu ngati chitsa? Ndinakulera choncho?"

"Alonda aja akuti..."

"Alonda ati? Mlonda ndimamudziwa ine, amakhala pageti ndi chibonga. Awa sindinawaonepo ndi nkhope yomwe, koma azindilamula m'nyumba mwanga? Kampani ino ndinaiyamba ndi makina amodzi iwe usanamere mano."

Achemwali anatuluka mutu ukuwawa. Analongosola kale, anajambula papepala, anakalipa, analira, koma zonse zinali kuthira madzi pamsana pa bakha. Chowawa n'chakuti ankadziwa chifukwa chake. Chiyambireni iwo kuyendetsa ntchito, makasitomala anasiya kugogoda pachitseko cha Madala. Otsala owafuna anali akubawo basi.

Achemwali anaima pakati pa makina, akuyang'ana milu ya mayeso yomangidwa bwino, ndi anthu onse amene ankadyera pamenepo. Kenako anaimbira foni alonda aja.

"Atsekereni. Koma asaone chilichonse chosintha."

"Mauthenga akunja sadzawafikanso, mayi. Mwatsimikiza?"

"Ndati atsekereni, musandifunsenso kawiri!"

M'mawa mwake Madala anafika atamanga tayi monga mwa masiku onse. Dzuwa linakwera, makina analira, koma muofesi mwawo munali zii. Masana Achemwali anawapititsira tiyi.

"Mwanawe, anzanga aja lero angoti chete. Ngakhale mmodzi wondifunsa kuti ndadzuka bwanji."

Achemwali anaika tiyi patebulo. Mkwiyo wonse uja unathera pomwepo, kunatsala manyazi okhaokha.

"Mwina ndi netiweki, ababa."

"Oho. Palibe kanthu, ndidikira."

Anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya tayi, nakokera mpando pafupi ndi kompyuta.