Mbale Zamapepala

Mayi Odessa anali akupala tchizi pamene foni inalira. Anali Vernita, mwana wawo, kuwakumbutsa kuti mawa, pa chakudya cha tsiku la Chithokozo, phwando la pachaka la banja lonse, mayiwo adzangobweretsa mbale zamapepala basi. Makaroni adzaphika ndi Lashay, mkazi wa mdzukulu wawo.

"Lashay uja wa tchizi cham'paketi?" anafunsa Mayi Odessa. "Amene amawaza nyenyeswa za buledi pamwamba ngati akudyetsa nkhunda?"

"Amayi, musayambe. Pumulaniko chaka chino."

M'banja lawo la a Tolbert aliyense ankadziwa kuti mbale zamapepala amatuma munthu amene dzanja lake salikhulupirira kukhitchini. Makaroni a tchizi anali a Mayi Odessa chimwalirireni apongozi awo, ndipo panalibe wina ankayerekeza kuwakhudza. Koma chaka chatha anathiramo shuga m'malo mwa mchere. Kenaka tsiku lina anasiya mbaula ikuyaka n'kupita kutchalitchi. Kuyambira pamenepo Vernita anawakonzera chipinda kunyumba kwake ku Atlanta, akuti sangakhalenso okha m'nyumba yawo ya ku Macon.

Mayi Odessa anaika foni pansi n'kupitiriza kupala. Mumtima anati mbale yawo ikangofika patebulo, anthu n'kuikokota mpaka m'ngodya, nkhani ya chipinda ija idzathera pomwepo.

Anawiritsa makaroni n'kuwaphula asanafewetse. Mchere anayamba aulawa palilime, kenaka anaulawanso. Anaswa mazira n'kuwatakasa mu mkaka wam'chitini. M'mbale yagalasi yopaka batala anayala makaroni, pamwamba tchizi, makaroni enanso, tchizi chinanso, mpaka kudzaza. Anathira mkaka uja pang'onopang'ono kuti ulowerere, n'kumalizira ndi tsabola wofiira waufa. Manja sanaphonye kanthu. Anayamba kung'ung'uza nyimbo ya kwaya.

Chitseko chakuseri chinatseguka. Analowa Earline, mng'ono wawo wokhala nyumba yoyandikana, akuseka kuti mfumukazi ya mbale zamapepala yadzukanso bwanji. Koma ataona mbale yagalasi patebulopo, kuseka kunamuthera pakamwa.

"Ukuyang'ana chiyani iwe? Tanditsegulira uvuni."

Earline sanasunthe. Mayi Odessa anatsonya, anawerama n'kutsegula okha.

Mu uvunimo munali mbale ina ya makaroni, yopsa kale, yofiirira bwino pamwamba, yozizira. Ngodya imodzi inali yodyedwa, ndipo munali masupuni awiri.

"Waika ndani izi?"

"Achemwali," anatero Earline motsitsa mawu, "munaphika dzulo. Ndinalipo. Supuni inayo ndi yanga."

Mayi Odessa anakhala pampando. Anafufuza dzulo lija m'mutu mwawo, koma sanapezemo ngakhale fungo lake. Ankakumbukira diresi limene anavala tsiku loyamba limene apongozi awo anawalola kupala tchizi. Ankakumbukira kuti malemu amuna awo, a Cleophus, ankalimbirana ngodya zopserera ndi ana. Koma dzulo kunalibe.

Earline analankhula mofulumira. Anati sauza munthu aliyense. Anati mbale yadzuloyo apita nayo kwawo, yatsopanoyo achemwali akewo aiphike, mawa akamuchititse manyazi Lashay pamaso pa onse, ndipo Vernita sadzadziwa kanthu.

"Anali bwino?" anafunsa Mayi Odessa.

"Chiyani?"

"Adzulowo."

"Sanakomepo choncho chibadwire changa."

Mayi Odessa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndiye kuti ngakhale makaroni okoma sakanawapulumutsa. Manja ankadziwabe njira, koma mwini manjawo anali atayamba kuchoka.

Anaimirira, anatseka uvuni, n'kugwira chozimitsira mbaula kawiri kuti atsimikize. Mbale yosaphika ija anaivundikira n'kuikankhira kwa mng'ono wawo.

"Ukaphike kwanu. Ukauze Lashay kuti mazira asamaiwale, ndipo buledi amusiyire nkhunda."

Kenaka anatenga paketi ya mbale zamapepala n'kuiika pafupi ndi khomo, pomwe sakanailambalala osaiona.

"Earline, usanapite, unditsitsire sutikesi ija pamwamba pa kabati. Ine sindifikira."