Wamfuti wa m'ndege ya m'dziwe la Kamenec

A Lubor Vašina anaumba mano oikirira moyo wawo wonse, ndipo atapuma pantchito zala zawo zinakana kupuma nawo. Chipinda chimene munkagona mwana wawo wamkazi asanakwatiwe anachisandutsa chopangiramo tindege ta pulasitiki. Fungo la guluu ndi penti linalowerera mpaka m'makatani, ndipo akazi awo, mayi Drahuše, anadandaula mpaka kutopa nazo.

Chaka china a kunyumba yosungiramo zinthu zakale anawapempha kuti apange kandege kofanana ndi kamene kanagwera m'dziwe la Kamenec nkhondo yaikulu ili pafupi kutha. Nkhani yake aliyense wa ku Trnavec ankaidziwa. Ndege ya asilikali a ku Russia inatulukira ikufuka utsi, inapululuza nsonga za mitengo, n'kudzimira m'matope. Munali anyamata awiri, woyendetsa ndi wamfuti wa kumbuyo, ndipo mayina awo analembedwa pamwala umene uli m'mbali mwa dziwelo. Palibe anawavuula. Dziwelo ankaliphwetsa ndithu pokolola nsomba, koma kungodya kumene kunagwera ndegeyo matope ake ngakuya kwambiri moti munthu sankayerekeza kupondako.

Bokosi la tizidutswa tolumikiza limene a Lubor anagula ku Jihlava linali la ndege ya mtundu womwewo, koma ya mpando umodzi. Iwo sanadandaule, ntchito yotere ndiyo inkawakomera. Anacheka msana wa kandegeko ndi kasowo kopyapyala ngati tsamba, anapala m'mbali ndi tupa, n'kupanga malo a munthu wachiwiri. Wamfuti wa m'ndege zimenezi sankakhala pampando weniweni, ankakhalira lamba wa chinsalu atafulatira mnzake, ndiye a Lubor anadula kalamba kuchokera ku kansalu kakale n'kukamangirira. Tianthu tiwirito anatiumba okha ndi phala louma msanga lomwe ankaumbira mano. Kalikonse kutalika kwake sikunkafika pa chala chaching'ono. Woyendetsa anatuluka wamba. Koma wamfuti, pomupenta nkhope atavala galasi lokulitsira zinthu, anapezeka kuti wamupatsa makutu otambalala ndi kachipsera pachibwano. Sanakumbuke kuti anaganiza liti zotero.

Anamata onse awiri aliyense pamalo pake n'kupita kukathirira maluwa. Pobwerera anapeza wamfuti ali chafufumimba patebulo, pafupi ndi botolo la penti.

"Draha, munalowa muno?"

"Ndilowemo ndikatani? Ndikafe ndi fungo?" anayankha mayi Drahuše ali kukhitchini. "Mwamata ndi malovu kapena?"

A Lubor anapala guluu wakaleyo, anathira wina wamphamvu, n'kukapanikiza ndi chopanira mpaka atauma gwa. M'mawa mwake woyendetsa anali pamalo pake, manja ali pachiwongolero. Mnzake anali pansi, pakati pa tebulo ndi chitseko, mutu utaloza kukhomo. M'nyumbamo munalibe mphaka. Zenera linali lotseka.

Lachisanu, kumowa kumene opanga tindege a m'tauniyo ankakumana, a Lubor anamufotokozera zimenezi mnzawo Kvido, amene kale ankayendetsa basi. Kvido anaseka mpaka thovu la mowa kumutulukira m'mphuno.

"Iwe Lubor, wakalamba basi! Manja akunjenjemera, ukumata mpweya. N'chifukwa chake mano amene unandiumbira aja amagwera mumsuzi."

"Mano ako amagwa chifukwa pakamwa pako sipatsekeka. Ndikunena zoona ine. Guluu amatsala palamba, munthu yekha ndiye amachoka."

"Ndiye mukhomere waya. Mubowole kumatako, lowetsa waya, tseka galasi pamwamba. Tione ngati Mrasha wakoyo atulukemo. Akatuluka umuuze abwere kuno, mowa ndimugulira ine."

A Lubor anachitadi zimenezo. Pobowola kamunthuko anamva kulemera mumtima kosadziwika bwino, ngati mmene munthu amamvera akatsekera galu m'nyumba iye akupita kutali. Komabe analowetsa waya, anamata galasi pamwamba pa onse awiri, n'kupenta mizere yake. Kenaka anabowola timabowo ta zipolopolo paphiko, anadetsa injini ndi mwaye, ndipo kandegeko kanaoneka kotopa ngati kauluka kuchokera kutali.

Panapita sabata yabata. Tsiku lina masana akudya msuzi wa bowa, anamva kaphokoso kakang'ono kuchokera m'chipindamo, kuti thee, ngati chikhadabo chathyoka. Mayi Drahuše anaimitsa supuni m'malere.

"Mwamva?"

"Ndi mapaipi a madzi," anatero a Lubor, koma anali atadzuka kale.

Analowa onse awiri. Galasi la kumbuyo linali litagwera patebulo, losasweka. Waya uja anaima yekha palamba, mbuu. Kamunthuko anakapeza pachiwundo cha chitseko penipeni, ndipo akanapanda kuyang'ana pansi akanakaponda. Mayi Drahuše anawerama n'kukatola, kenaka anakasiya msangamsanga n'kupukuta zala paepuloni.

"Kanyowa, Lubor."

A Lubor anakanunkhiza. Sikankanunkha penti ayi. Kankanunkha matope akuda a pansi pa dziwe, aja amatuluka madzi akaphwa. Anayang'anana, msuzi ukuzizira kukhitchini.

"Musakamatenso," anatero mayiwo pomaliza, mawu ali pansipansi. "Sindikudziwa kuti n'chiyani, koma musakamatenso. Kakukana."

A Lubor anakaika m'bokosi la machesi, n'kumanga bokosilo ndi ulusi.

Masamba atayamba kuyoyoka, eni dziwe anaganiza zochotsa matope onse amene anaunjikana kwa zaka zambiri, ndipo a kunyumba ya zinthu zakale anapezerapo mwayi wokumba ndegeyo. Tsiku lokolola nsomba tauni yonse inakhamukira ku Kamenec monga mwa nthawi zonse. Asodzi ovala zovala za mphira zofika m'khwapa ankakoka khoka, ana akukuwa, ndipo utsi wa nsomba zokazinga unali tolotolo. Anthu ankafunda manja pamakapu a vinyo wotentha. Koma kungodya yakutali kunali zii. Kumeneko katapila anali atayala matabwa pamatope, ndipo anthu ochepa ankakumba ndi manja mkati mwa chingwe chimene apolisi anazunguliza.

A Lubor ndi Kvido anaima pachingwepo. Bokosi la machesi linali m'thumba la jekete, ndipo a Lubor sanachotsemo dzanja.

Ndegeyo inkatuluka pang'onopang'ono, yakuda bii, yopindika ngati chitini chopondedwa. Kutsogolo anapezamo munthu. Mafupa ake anali atakhala bwinobwino pampando, nsapato zili kumapazi. Amuna amene anali pachingwe anavula zipewa. Kenaka okumbawo anasunthira kumbuyo. Mfuti inalimo, italoza kumwamba. Anapakula matope ndi manja, kupakula, kupakula, mpaka anafika pachitsulo cha pansi.

Mtsikana amene ankatsogolera ntchitoyo anawongoka n'kupukuta thukuta ndi mkono. Kvido anamuitana.

"Achemwali, winayo ali kuti?"

"Mulibe, bambo."

"Mulibe bwanji? Dzina lake lili pamwala paja."

"Dzina lilipo, munthu mulibe. Ngakhale batani. Taonani apa." Anakweza kachitsulo kadzimbiri. "Chomangira lamba wake ndi ichi. Sichinathyoke. Chinachita kumasulidwa, ndipo galasi analikankha kuchokera mkati."

Kvido anayang'anitsitsa kachitsuloko. Sanayang'ane a Lubor. Anavalanso chipewa chake n'kunena kuti akukagula vinyo.

A Lubor anatsala okha. Anayenda pang'ono m'mphepete mpaka pamene bango linawabisa kwa anthu. Kumeneko anagwada, mawondo akulira, n'kumasula ulusi uja. Kamunthuko kanali kozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anakaimika pamatope osalala a m'mbali, pamene madzi anali atangophwa kumene, ndipo kanaima chilili, makutu ake ali tambalale.

"Ndinkayesa ndikukubwezera pamalo pako," anatero. "Sindimadziwa. Pepa, mwana wanga."

"Lubor! Uli kuti? Vinyo akuzizira!" Anali Kvido, kuseri kwa bango.

A Lubor anacheuka kuti amuyankhe. Atabweza maso, pamatopepo panalibe kanthu. Anafufuza ndi zala, anakankha udzu, anayang'ana ngakhale pansi pa nsapato zawo. Kvido anawapeza akukwawa, makapu awiri ali m'manja, ndipo iye ndi amene anaona.

"Taona uko," ananong'ona.

Pamatope onyowawo panali kamzere ka timadontho, tiwiritiwiri, tating'ono ngati mapazi a nyerere. Sikankalowera kumadzi. Kanakwera mtunda, kanazungulira mwala, n'kukathera m'masamba ouma kumene kumayambira nkhalango.

"Ndi kachilombo," anatero Kvido. Vinyo ankatayikira pazala zake koma sankamva kutentha. "Tizilombo timayenda choncho. Eti, Lubor?"

A Lubor anatsatira kamzereko ndi maso mpaka kunkhalango.

Okumbawo anasefa matope a ngodya yonseyo mpaka chisanu chinawaletsa, osapeza kanthu. Woyendetsa anaikidwa m'manda a pafupi ndi tchalitchi, ndi nyimbo ndi nkhata za maluwa. Za mnzake palibe anadziwa. Ena ankati anafera m'nkhalango, ena ankati anagwidwa, ena ankati mwina anakafika kwawo n'kukalamba. A kunyumba ya zinthu zakale analemba makalata opita ku Russia, koma yankho silinabwere.

Kandegeko a Lubor anakapereka galasi la kumbuyo lili lotsegula, kalamba kali lende. Mkulu wa kunyumba ya zinthu zakale anawafunsa ngati angaumbe kamunthu kena koti kaime pambali, kuti alendo adziwe kuti analipo awiri. Iwo anakana mwaulemu. Anati manja ayamba kunjenjemera.

Masiku ano Lamlungu lililonse akadya chamasana, a Lubor amapita kukayenda m'nkhalango ya kuseri kwa Kamenec. Mayi Drahuše amapita nawo, ndipo nthawi zina Kvido amawatsatira, ngakhale amanena kuti iye akungofuna bowa. Salankhula zambiri. Amayenda pang'onopang'ono, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, maso ali pansi, ndipo aliyense amayamba wayang'anitsitsa asanaponde.