Kadzutsa wa Mayi Hortensia

Linali tsiku lachinayi mayi Hortensia akubweza mbale osaikhudza. Getrude, yemwe ankagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Canning Vale, mumzinda wa Perth, ankati akawaikira phala patsogolo, iwo n'kutembenukira kukhoma. Mayiwa anali a ku Chile. Anakhala mu Perth zaka makumi anayi, koma ukalamba ndi wakuba: unawalanda Chingerezi chonse n'kuwasiyira Chisipanishi chokha. Mwana wawo, Marisol, anali kutali ku Melbourne, malire a zigawo atatsekedwa chifukwa cha mliri.

"Ngati sibadya kufika Friday, tizabapeleka ku hospital babaike tube yodyela," anatero Prudence, namwino wa ku Zambia.

Getrude mtima unamuwawa. Masiku amenewo wokalamba ankapita kuchipatala yekhayekha, popanda ngakhale womugwira dzanja. Pa nthawi yopuma anaimbira Marisol.

"Kodi mumawafunsa chimene akufuna?" anafunsa Marisol.

Getrude anadabwa. Kufunsa? Kwawo ku Ntcheu munthu wamkulu safunsidwa ngati adya. Wofunsa ndi woumira, amafuna umuyankhe kuti wakhuta. Umangogwada n'kuika mbale. N'chifukwa chake, chiyambireni kusamalira chipinda chimenechi sabata imeneyo, pepala losankhira chakudya ankangolidzaza yekha, akumati ndiwo ulemu.

Marisol anafotokoza kuti malemu bambo ake ankawafunsa mayiwa m'mawa uliwonse, ngakhale yankho ankalidziwa kale. "Popanda funso amayesa kuti mbaleyo ndi ya munthu wina," anatero.

Manyazi anamugwira Getrude. Ulemu wake womwewo ndi umene unkapha munthu ndi njala! Analemba papepala funso la m'Chisipanishi lakuti mukufuna kadzutsa wanji, monga Marisol anamuuzira, pamodzi ndi mawu atatu a mayankho: pan (buledi), té (tiyi), huevo (dzira). M'sitima yochokera ku Armadale, komwe ankakhala, ankangobwereza. Mwayi wake masiki inabisa milomo, apo ayi anthu akanati mayiyu zamusokonekera.

Lachisanu m'mawa analowa chimanjamanja. Anagwada pambali pa bedi, poti chizolowezi sichimva malamulo a ntchito, n'kunena pang'onopang'ono:

"Señora, ¿qué quiere desayunar?"

Mayi Hortensia anatembenuka. Anamuyang'anitsitsa m'maso, poti kwina konse kumaso kwa Getrude kunali kophimbidwa, kenako anamugwira dzanja mwamphamvu zosayembekezeka kwa munthu wosadya. Ndiye anayamba kuyankhula. Anayankhula ngati mpopi womwe unatsekedwa mwezi wonse, misozi ikutsikira m'makutu.

Getrude anatchera khutu kudikira mawu ake atatu aja. Buledi sanatuluke. Tiyi ayi, dzira ayi. Anali ataphunzira kufunsa, koma kumva yankho sanaphunzire, ndipo anachita mantha kuti mayiwa atopa iye asanatolepo kanthu. Pa zonsezo anamva liwu limodzi lokha, ndipo linabwera katatu. Kachitatu mayiwa analoza mpando wopanda munthu womwe unali pafupi ndi tebulo.

Prudence anasuzumira pakhomo, pepala la kuchipatala lili m'manja.

"Ah, bakamba! Bafuna chani? Nithamangile ku kitchen."

Getrude sanadzuke pomwe anagwadapo. Dzanja lake linali likadali m'dzanja la mayi Hortensia.

"Kukhitchini kulibe," anatero. "Akufuna Marisol."