Woimbira Saona za Pansi pa Madzi

Kochi wathu, amene tonse tinkamutchula kuti Dezső bá, anatiphunzitsa kumira tisanadziwe n'komwe kuponya mpira bwinobwino. Kunali kumira kwabodza, kochita kukonza: mdani akangokugwira paphewa, iwe ulowe pansi ngati mwala, ukhaleko pang'ono, kenako uvuuke ukukuwa ngati akukudula khosi. Woimbira akamva chisoni amatulutsa wokugwirayo kwa kanthawi, inu n'kutsala ochuluka m'madzimo.

"Dziwe ndi siteji, atsikana inu," ankatero kochi wathuyo, wezulo ali m'khosi, mimba ili patsogolo. "Amene sadziwa sewero apite akaimbe kwaya."

Pa timu ya mpira wa m'madzi ya sukulu yathu, katswiri wa sewero limeneli anali Emese. Ine ndine Hajnalka, mwachidule Hajni, ndinkagwira pagolo, ndipo Emese anali mnzanga wa ponda apa nane mpondepo kuyambira ku pulayimale. Iye ankasewera kutsogolo, pakhomo penipeni pa golo la adani, malo amene munthu amamenyedwa kuyambira wezulo woyamba mpaka womaliza. Anthu a pamabenchi amangoona mitu ndi manja, n'kumati masewera okongola. Akanalowetsa nkhope m'madzimo akanasanza. Pansipo pali maondo a m'mimba, zidendene za m'nthiti, kutsinana pamabere, kukokana chovala mpaka chikucheke. Masewera asanayambe woimbira amayendera zikhadabo za aliyense, za kumanja ndi za kumapazi zomwe, koma bondo palibe amene amaliwenga.

M'nyengo yachisanu imeneyo tinali m'kalasi lomaliza, ndipo masana tinkaphunziranso gule wa pamwambo wa omaliza sukulu, umene amatimata riboni pachifuwa. Aphunzitsi a guleyo, mayi amene tinkawatchula kuti Piroska néni, ankangopukusa mutu akaona mapewa a Emese.

"Mwana iwe, diresi loyera lopanda mikono ulivala pamabala amenewa? Anthu adzati kwanu amakumenya."

"Adzati ndimasewera, Piroska néni. Mnyamata wanga akaopa ndivina ndi Hajni."

Za gule sankazilabadira kwenikweni. Mtima wake wonse unali pa nkhani imene inamveka mwezi womwewo, yoti pa ndime yomaliza ya mpikisano wa masukulu a m'chigawo chathu kudzabwera bambo wina wochokera ku timu yaikulu ya ku Budapest. Ankafuna mtsikana mmodzi, mmodzi yekha, woti akamupatse malo ogona, sukulu ndi dziwe. Mayi ake a Emese ankathyola tsabola m'nyumba za pulasitiki zolimamo mbewu zimene zazinga tauni yathu, msana unapindika kalekale, manja anang'ambikang'ambika. Emese analumbira kuti iye m'menemo sadzalowamo.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Hajni," ankandiuza tikupalasa njinga m'bandakucha kupita kokaphunzira. "Malo amenewo ndi anga. Wondiletsa andiphe kaye."

Vuto linali lakuti malo omwewo ankawafunanso Tünde, wa ku sukulu ya mishoni ya tsidya lina la mtsinje wa Tisza, ndipo ntchito yake m'madzi inali yotchinga Emese. Tünde anali ndi nkhope ya mwana wosalakwa, ankapemphera asanalowe m'dziwe, ndipo sindinamumvepo akukweza mawu. Ndinkamuda kuchokera pansi pa mtima, ndipo mpaka lero ndimamuda.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. Dziwe linali mu tenti yake yoyera ya m'chisanu, nthunzi ili tolotolo, madzi otentha a pansi pa nthaka akununkha ngati mazira owola monga mwa masiku onse. Makolo anadzaza mabenchi, ena atanyamula ng'oma. Bambo wa ku Budapest tinamuzindikira msanga chifukwa ndi yekhayo amene sanavule jasi lake lotuwa. Anakhala pakona akuswa njere za mpendadzuwa ndi mano, makoko n'kumalavulira m'kapu ya pepala.

Titandanda kuti woimbira aone zikhadabo, Tünde anapezeka moyang'anizana ndi Emese. Anamwetulira, n'kulankhula motsitsa ngati akupereka moni.

"Amayi ako ndawaona pabenchi. Akuti dengu lako la tsabola akusungira, uliyambe Lolemba."

"Iwe maliza pemphero lako lija," anayankha Emese. "Lero ukaonana naye maso ndi maso amene umamupempherayo."

Wezulo atangolira, nkhondo inayamba. Ine kugolo kwanga ndinkangoona thovu kutsogoloko, mitu iwiri ikutuluka ndi kulowa, chipewa choyera cha Emese ndi chabuluu cha Tünde. Emese anagoletsa choyamba atafulatira golo, anthu athu n'kuphulika. Posakhalitsa anamira mokongola, n'kuvuuka akukuwa, ndipo Tünde anatulutsidwa. Anabwerezanso, Tünde n'kutulutsidwanso. Makolo a tsidya lina anaimirira akuloza woimbira.

"Sewero ilo! Bambo inu, maso mulibe? Akukupusitsani ngati mwana!"

Woimbirayo khosi linafiira. Kuyambira pamenepo Emese akamira, iye ankangoyang'ana kumbali.

Pa nthawi yopuma tinasonkhana pakona, titagwira m'mphepete mwa dziwe. Lamba wina wa chovala cha Emese anali atang'ambika theka. Pantchafu pake panali mizere yofiira yochita kukanda, mlomo utatupa, ndipo atalavula m'ngalande malovu anali magazi okhaokha. Anali akuseka.

"Kamfiti kameneka kandiluma pamsana, Hajni. Kuluma ndi mano! Koma nanenso chala chake chimodzi ndachipinda, wamva mmene chinalirira?"

"Samala, aise. Maso ake sindikuwakonda."

"Siyani nkhani za kumpanda," analowerera Dezső bá, atagwada pamwamba pathu, thukuta likudontha. "Emese, woimbira uyu wauma mtima. Ukamira tsopano usafulumire kutuluka. Khala komweko mpaka achite mantha, aziyesa wafadi. Wamva?"

"Ndamva, Dezső bá."

"Bambo wa jasi uja maso ali pa iwe. Usandichititse manyazi."

Pofika chigawo chomaliza tinali titafanana zigoli, ndipo aliyense anali atatopa moti manja ankalemera ngati njerwa. Mnzathu wina anaponyera Emese mpira, ukugwera patsogolo pa mphuno yake. Madzi anawira. Ndinaona Tünde atakweza manja onse awiri m'mwamba, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi, kusonyeza woimbira kuti sakugwira munthu. Nthawi yomweyo Emese analowa pansi. Zimene zinachitika m'madzimo tinazimva pambuyo pake kwa adokotala: pamene Emese ankatsitsa mutu kuti ayambe sewero lake, bondo la Tünde linali likukwera ndi mphamvu zonse, ndipo linamupeza pakhutu.

Woimbira anagwedeza dzanja kuti masewera apitirire. Makolo athu anayamba kumutukwana, a tsidya lina akuseka ndi kuimba ng'oma. Mayi ake a Emese anali ataimirira pabenchi akukuwa kuti woimbirayo wadya ziphuphu. Dezső bá ankayenda cham'mbali m'mphepete mwa dziwe, akumenya m'manja.

"Eya, mwana wanga! Khala pompo! Aone yekha!"

Anthu onse amene anali mu tenti imeneyo ankadziwa mpira wa m'madzi, ndipo n'chifukwa chake panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachita mantha. Mlendo wosadziwa kanthu akanalumphira m'madzi nthawi yomweyo. Ife akatswiri tinkadikira kuti sewero lithe.

Tünde anatenga mpira n'kuyamba kusambira molunjika kwa ine, palibe womutsata. Ntchito yanga inali yoonekeratu: kukwera m'mwamba, kutambasula manja, kutseka golo. Koma maso anga anali pamalo pamene Emese analowera. Emese ndinkamudziwa, akamanamizira kumira miyendo yake sinkasiya kupalasa, ndipo pamwamba pake madzi ankagwedera. Apa madzi anali bata. Ndinalowetsa nkhope m'madzi n'kuyang'ana kutsogolo. Patali, pansi penipeni, panali kanthu koyera kali duu.

Ndinasiya golo.

Tinakumana ndi Tünde pakati pa dziwe, iye mpira uli pakati pa mikono yake, ine ndikupalasa ngati wamisala.

"Wamupha! Tünde, sakutuluka, wamupha!"

Anandiyang'ana. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu wake yemweyo kuti ankadziwa, pakuti bondo limamva likaswa chinthu. Sanacheuke. Anangondilambalala, n'kupita kukaika mpira m'golo lopanda munthu. Ng'oma za tsidya lina zinachita ngati zing'amba tenti, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo ndinamva mawu a Dezső bá.

"Hajnalka! Ukupita kuti, chitsiru iwe? Bwerera pagolo! Ndikuthyola khosi!"

Ndinamira. Emese anali chagada pa matailosi, maso ali potsegula pang'ono, mikono ikuyandama yokha, ndipo kuchokera pansi pa chipewa chake panali kutuluka kautsi kofiira. Ndinamugwira lamba wa chovala, lamba wong'ambika uja n'kuduka m'manja mwanga. Ndinamukola m'khwapa, n'kudziponda pansi ndi mapazi onse awiri. Sindinkadziwa kuti munthu amene ndinkamunyamula pamsana posewera angalemere chomwecho. Titavuuka mutu wake unagwera paphewa panga ngati wa nkhuku yophedwa, ndipo ngakhale pamenepo munthu wina pabenchi anali akusekabe.

Kenako phokoso linayamba kuzima, benchi ndi benchi, mpaka kunangotsala kukuwa kwa mayi ake.

Anamukokera kumtunda. Namwino wa pampikisanowo anamugwadira n'kuyamba kumupsinja pachifuwa ndi manja onse awiri, mwamphamvu moti ndinamva nthiti ikuthyoka. Milomo ya Emese inali yabuluu. Anamupsinja, kumuuzira mpweya, kumupsinjanso, ife titazungulira, madzi akutsika m'miyendo. Mwadzidzidzi anagwedezeka, n'kusanza madzi ambirimbiri osakanikirana ndi magazi. Dezső bá anali ataima chapatali, wezulo ali m'manja, akungobwereza kwa aliyense womuyandikira kuti, "Ndimayesa akuchita dala. Nonse munaona, amachita choncho nthawi zonse."

Ine maso anga anali kufunafuna munthu mmodzi, Tünde. Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa dziwe, miyendo ili m'madzi, akumasula zingwe za chipewa chake mosafulumira. Ndinapita n'kumugwira tsitsi, n'kumutembenuza, n'kumupatsa chibakera pakamwa ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'thupi mwanga. Dzino lake linandicheka pachala mpaka pafupa. Ndinamupatsanso china pamphuno, n'kumumenyetsa mutu pa matailosi, ndipo sindikupepesa. Anzake anandilumphira pamsana, anzanga n'kuwalumphiranso. Makolo anatsika pamabenchi. Bambo wina anaphwanya ng'oma pamutu pa mnzake, benchi lina linaponyedwa m'madzi, mayi wina wonenepa anaterereka n'kugwera momwemo ndi chikwama chake. Woimbira anadutsa pakati pa chipwirikiti chonsecho kudzandionetsa khadi lofiira pamphuno. Chibakera changa chokha ndicho anachiona bwino tsiku limenelo.

Ambulansi itafika ndinatuluka nawo panja, nditangodziponyera jasi la munthu wina pa chovala chonyowa, mapazi ali pa chipale chofewa chozizira. Emese anali pamachira, atamukulunga mabulangete, khutu atalimata thonje limene linali litafiira kale. Maso ake ankayendayenda osakhazikika. Atandizindikira anatulutsa dzanja n'kundigwira.

"Hajni, woimbira waimba? Wamutulutsa?"

"Khala chete, aise. Usalankhule."

"Ukuti chiyani? Sindikumva. Lankhulira mbali iyi."

Ndinazungulira machirawo n'kuwerama pa khutu linalo.

"Bambo uja wandiona?" anafunsa. "Chigoli choyamba chija wachiona?"

"Wachiona. Wakuona bwinobwino."

Anatseka maso akumwetulira ndi mlomo wotupawo. Anamulowetsa, mayi ake n'kukwera nawo atagwira nsapato za mwana wawo pachifuwa, ndipo galimoto inanyamuka. Ndinatsala nditaima pomwepo ndikulira, magazi a pachala akudonthera pa chipale.

"Pepa ndi mnzakoyo, mtsikana."

Anali bambo wa jasi lotuwa. Anali ataima pambali panga, kapu yake ya makoko ikadali m'manja, akuyang'ana kumene ambulansi inalowera.

"Anali ndi dzanja labwino," anatero. "Koma khutu likaphulika mpaka m'kati choncho, za m'madzi zimakhala zatha. Ndaziona kambiri." Analavula khoko lina. "Tandiuza, uja wa chipewa chabuluu, amene wagoletsa chomalizayu, dzina lake ndani?"

Ndinangomuyang'ana, mano akugundana. Iye anadikira pang'ono, kenako anakweza mapewa n'kutembenuka, pakuti chitseko cha tenti chinali chitatseguka. Tünde anali akutuluka, atatsamira bambo ake, thaulo lamagazi lili pakamwa. Bambo wa ku Budapest anataya kapu ija m'bini, n'kuvula golovesi la kudzanja lamanja kuti akamupatse moni.